Mabomba a Dzanja Lamanzere

A Nedson Kalekeni akhala ku Springburn, mu mzinda wa Glasgow ku Britain, zaka makumi awiri, koma Amalawi ambiri a ku tchalitchi amangowadziwa kuti ndi amuna awo a nesi Loyce. Ku chipatala ankakankha mabedi ndi njinga za odwala, kuchoka ku wadi kupita kojambulitsa, n'kubwerera nawo. Ntchitoyo anaigwira osajomba mpaka anapuma ali ndi zaka 66. Si munthu woyamba yekha nkhani, choncho za luso la manja awo zinangokhala kwa iwo eni.

Kwawo ndi ku Bangwe. Sukulu analekeza Sitandade 7, bambo awo n'kukawasiya kwa mmisiri wolemba zikwangwani ku Limbe. Chaka choyamba sanalembe kanthu. Ankatsuka mabulashi m'palafini ndi kusefa penti pa sokosi yakutha. Chaka chachiwiri mmisiri anawapatsa chivundikiro cha dilamu ndi chilembo chimodzi, S, nati achilembe mpaka iye atasiya kutukwana. Zinatenga miyezi inayi. Mmisiriyo ankati chilembo chilichonse chili ndi potsamira, koma S alibe. Ukapendeka pang'ono amakuulula. Pofika zaka makumi atatu, a Kalekeni anali ndi malo awoawo pafupi ndi depoti, ndipo magolosale, mabutchala ndi malole ambiri a mu Limbe ankayenda ndi dzanja lawo.

Kenaka kunabwera makina. Munthu ankalowa mu shopu m'mawa, kunena mawu ake, kompyuta n'kudula masitika, pofika masana chikwangwani chapachikidwa. Makasitomala anachoka mmodzimmodzi osatsanzika. Mu 2003 a Loyce anapeza ntchito ya unesi ku Glasgow. A Kalekeni anatsatira chaka chinacho ndi mwana wawo Pempho, ndi mabulashi asanu ndi awiri m'chitini cha mabisiketi, atawapaka girizi kuti asaume. Chitinicho anachiika pamwamba pa wodirobu, n'kukhala komweko.

Atapuma ntchito anakhala m'nyumba miyezi itatu akuonera mvula pawindo. A Loyce anatopa nawo.

"Bambo a Pempho, mpandowo mwaukumba dzenje. Tatulukaniko."

"Ndilowere kuti? Kukugwa mvula."

"Mvula ya kuno tinaipeza ndipo tidzaisiya. Kuseri kwa siteshoni kuli madala anzanu, akukhoma chindege. Kamwereni tiyi kumeneko, wanga akutha msanga."

Anapita kuti mawu achepe m'nyumba. Anapeza chishedi chakale, cha nthawi yomwe Springburn inkapanga mitu ya sitima. M'katimo amuna khumi ndi awiri opuma ntchito anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi akumanga Lancaster, ndege ya injini zinayi yomwe a Britain ankaponyera mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndege yathunthu sakanaitha. Anamanga mutu wokha, pokhala woyendetsa ndi woponya mabomba, ndi chigawo chimodzi cha m'nthiti pomwe pamakhala zizindikiro. Zitsulo zina zinali zakale zenizeni, zambiri zinali zatsopano.

Wotsogolera anali a Norman, mkulu wowonda amene moyo wake wonse anajambula mapulani a sitima zapamadzi. Anali munthu wa lula. Ngakhale sangweji ankayamba waiyeza ndi maso asanaidule. Anafunsa a Kalekeni ngati amatha kuwotcherera kapena kupinda zitsulo. Anati ayi. Za penti sanafunsidwe, iwonso sanatchule. Anapatsidwa tsache ndi ketulo, ndipo anasesa miyezi isanu.

Posesapo ankamvetsera. Anamva kuti ndege iliyonse inali ya gulu lake, lomwe amati sikwadironi, ndipo m'nthiti inkanyamula zilembo zitatu zofiira mozimirira: ziwiri za gulu, chimodzi cha ndegeyo payokha. Pakati pa zilembozo pankakhala chizindikiro chozungulira, chofiira pakati, kenaka choyera, chabuluu, ndi kamzere kachikasu kunja. Chilembo cha ndege yawoyi chinali S. Anamvanso kuti ndege ikabwerako ku ulendo, pansi pa windo la woyendetsa ankajambulapo kabomba kamodzi. Ulendo umodzi, bomba limodzi. Maulendo a ku Italy ena ankajambula ayisikilimu m'malo mwa bomba. Iyi inali ndi mabomba 34 ndi maayisikilimu atatu. Ulendo wotsatirawo sinabwerere, pamodzi ndi anthu ake asanu ndi awiri.

Zonsezi zinkachokera pa zithunzi za 1943 zomwe anapereka mayi Maureen, a ku Springburn komweko. Bambo awo anali makaniko wa ndegeyo, ndipo ndiwo ankajambula timabombato.

Kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti atsegulire anthu, mutu wa ndege unali utapentedwa kale, wakuda bii m'mbali, ukuoneka bwino. A Norman anabwera ndi mapepala akuluakulu n'kuwamata ndi tepi pansi pa windo. Anali atakonza zizindikiro zonse pa kompyuta. Mabomba anali pamzere, khumikhumi, ofanana ngati mazira m'thireyi. Anati onse akavomereza Loweruka, Lolemba atumiza kwa odula masitika.

A Kalekeni anatsamiritsa tsache kukhoma. Anayang'ana pepala, anayang'ana chithunzi chakale chomwe chinapachikidwa pambali, anabwereranso pa pepala.

"A Norman, izi si zomwezija."

"Ndi zomwezo, Nedson. Ndawerenga katatu. Mabomba 34, maayisikilimu atatu."

"Nambala ndi yomweyo. Dzanja ndi lina."

"Chithunzicho chinapendama. Ine ndangowongola."

"Chikadapendama chithunzi, windo nalo likadapendama. Onani, windo lili chilili. Apendama ndi mabomba okha."

Mkulu wina amene ankamanga mawaya m'kati mwa mutu wa ndege anasuzumira pawindo n'kukuwa, "Norman, watsache wakugwira pakhosi!" Ena anaseka. A Norman sanaseke.

"Ndiye mukufuna chiyani? Tiwauze makina adule zokhota?"

"Ayi. Ndilembe ine. Ndi bulashi."

A Norman anavula magalasi, n'kufotokoza mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala. Penti ya pamutupo inawatengera miyezi iwiri kuti ikhale bwino. Sitika ikalakwika umangoimatula. Bulashi ikalakwa, pofufuta umawononga ya pansi, ndipo nthawi yopentanso panalibe. Zaka zisanu ndi chimodzi za anthu khumi ndi awiri sangazipereke kwa munthu amene sanamuonepo atagwira bulashi.

Mawuwo anali oona, a Kalekeni sanatsutse. Anangoti, "Ndipatseni mpaka Loweruka."

"Loweruka Maureen abwera kudzaona mapepalawa. Mubwere ndi chooneka. Chikapanda kutikhutiritsa, ndi masitika, ndipo nkhani ithere pomwepo."

A Kalekeni anabwereka chithunzi chimodzi ndi zidutswa ziwiri za chitsulo zomwe anayeserapo penti yakuda ija. Atafika kunyumba anakwera pa mpando n'kutsitsa chitini. Mabulashi asanu anali bwinobwino, awiri anali atayoyoka. Anawatsuka, n'kutenga galasi lokulitsa lomwe a Loyce amawerengera tizilembo ta pa mankhwala. Masiku awiri anangoyang'ana chithunzi, bomba limodzilimodzi, osakhudza penti.

Wolemba zikwangwani akaona chilembo cha mnzake amadziwa pomwe bulashi inatera ndi pomwe inanyamuka. Potera penti imachuluka, ponyamuka imapyapyala. Pa chithunzipo bomba lililonse linali lonenepa kumanja, lopyapyala kumanzere, ndipo michira yake inkagonera kumbuyo. Mizere inkatsika pang'onopang'ono chifukwa makaniko uja sankamenya chingwe cha choko chowongolera mzere, ankangoyerekeza ndi bomba la dzulo. Ena anali aakulu, ena aang'ono. Lina linkaoneka kuti analemba akuthamanga.

Tsiku lachitatu anayala makatoni pa tebulo la kukhitchini n'kuyamba. Mizere iwiri yoyamba inavuta, kenaka dzanja linakumbukira lokha. Mabomba anatuluka oyera, owongoka.

A Loyce anafika kuchokera ku shifiti n'kuima pakhomo. "Nyumba yanga ikununkha ngati galaja ya ku Ndirande. Koma ayi, n'zokongola."

"N'chifukwa chake n'zolakwika."

Anayesa kukhotetsa dala. Zinatuluka ngati munthu wabwinobwino akutsanzira wotsimphina, zoonekeratu kuti n'zonamizira. Kenaka anasamutsira bulashi ku dzanja lamanzere. Bomba loyamba linali ngati mbatata. Lachisanu linatera kumanja, n'kunyamukira kumanzere, mchira uli chogonera kumbuyo. Analiika pafupi ndi chithunzi. Linali la banja lomwelo.

"Zaka makumi awiri chitini chili kumwamba," anatero a Loyce, "lero mwachitsitsa kuti muzilemba ngati mwana wa Sitandade 1?"

"Munthu uja sanali mmisiri, mayi a Pempho. Anali makaniko, ndipo anali wamanzere."

"Anakuuzani?"

"Wandiuza pa chithunzipa."

"Chabwino. Mukamaliza kucheza ndi akufa muchotse makatoni, tidye."

Anamaliza makatoni onse a m'nyumba, n'kukapempha ena ku shopu ya pakona.

Loweruka anafika ndi zitsulo ziwiri zija atazikulunga m'thawulo. Pa china panali S wofiira, wa dzanja lamanja. Pa chinzake panali mabomba khumi a dzanja lamanzere. Mayi Maureen anali atafika kale, mayi wamfupi wa zaka 76, ndodo m'manja, akuyang'ana mapepala a a Norman.

A Norman anayamba ndi S. Anamuyeza ndi lula m'mwamba, m'munsi ndi m'mimba. Anamuyezanso. "S ndilibe naye mawu," anatero. "Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Ku Limbe."

"Nanga awa? Mwalemba mutaledzera?"

"Ndalemba ndi lamanzere. Mwiniwake anali wamanzere."

A Norman anapukusa mutu, napita ku kabati, n'kubwera ndi chithunzi china chomwe sichinapachikidwe. Chinali cha makaniko yemweyo, atakhala pa bokosi pansi pa phiko la ndege, akulemba m'buku. Pensulo inali ku dzanja lamanja, poyera.

"Uyu ndi wamanzere?"

A Kalekeni anachiyang'ana nthawi yaitali. Amuna onse anali atasiya ntchito n'kuzungulira, ndipo masitika anali atapambana kale pamaso pa ambiri. Koma zomwe anaona pa galasi lija sakanaziiwala.

"Kwathu mwana wamanzere ankakwapulidwa mpaka adyere ndi kulembera kumanja," anatero. "Koma mupatseni nyundo muone. Za kuno sindikuzidziwa. Mwana wawo ali pano, afunseni."

Onse anatembenukira kwa mayi Maureen. Iwo anayamba aloza mapepala a a Norman ndi ndodo.

"Norman, mwana wanga, izi zikukhala ngati matailosi a kubafa." Kenaka anabwera pa chitsulo cha a Kalekeni n'kuwerama. "Bambo anga ali mwana, aphunzitsi ankawamangirira dzanja lamanzere ku mpando. Kalata ankalemba ndi lamanja, zolemba zake ngati papalasa nkhuku. Koma sipanala, lumo lometera, bulashi, ndi khofi la ife ana, zonse zinali za lamanzere." Anagwira khutu lawo lakumanja. "Ili ndi mboni. Mpaka lero limalira kukazizira."

Shedi yonse inaphulika ndi kuseka. Mayi Maureen anayang'ana a Kalekeni m'maso.

"Inu bambo, mwadziwa bwanji? Ine muno sindinauzepo munthu."

"Zili pa chithunzi, mayi."

"Chithunzichi ndachiyang'ana kuyambira ndili mwana."

"Munkayang'ana bambo anu. Ine ndimayang'ana penti."

A Norman anapita okha pa mutu wa ndege, kumatula mapepala awo, kuwapinda mwaudongo kanayi, n'kuwaika m'kabati.

"Mukandiwonongera penti, Nedson, ndikukwirirani pansi pa shedi ino."

"Mundigwirire makwerero."

Ntchito inatenga masiku asanu ndi anayi. Anayamba ndi chigawo cha m'nthiti. Anamenya chingwe cha choko m'mwamba ndi m'munsi, n'kulemba zilembo zitatu ndi dzanja lamanja, poti pa chithunzi zinali zowongoka, za munthu wodziwa. Chozungulira chija anachijambula ndi chingwe ndi choko basi, a Norman atakanikiza nsonga ya chingwe pakati ndi chala. Atamaliza, a Norman anayeza, n'kubweza lula m'thumba.

Pa mabomba mpamene anthu anadabwa. A Kalekeni ankakwera makwerero, kulemba bomba limodzi, kutsika mpaka pansi, kuyenda pang'ono, n'kukweranso. Tsiku loyamba a Norman anapirira. Lachiwiri analephera.

"Mawondo anuwo ndi a boma? Lembani asanu muli pomwepo."

"Makaniko uja sanalembepo awiri ulendo umodzi. Ankakwera ndege ikabwera. Ukakwera mwatsopano suima pomwe unaima dzulo. Ndikalemba asanu ndili malo amodzi, afanana, ndipo tibwerera ku matailosi anu aja."

Anakwera maulendo 37. Penti ankasakaniza pang'onopang'ono m'kachivundikiro, kuti lina likhale lowala, lina lozimirira. Madzulo a Loyce ankawathowa mawondo ndi madzi otentha uku akuwanena. M'mawa ankapitanso.

Pa bomba la nambala 19 penti inatsetsereka kadontho, kutsika ngati utali wa chala. A Norman anatambasula dzanja ndi kansalu.

"Siyani!"

"Yadontha!"

"Inadontha mu 1943. Kaoneni."

A Norman anatenga galasi, kupita pa chithunzi, kuwerenga ndi chala mpaka 19. Anabwerera n'kugwiranso makwerero. "Pa kompyuta ndinkayesa ndi litsiro," anatero. "Ndinafufuta."

A Kalekeni sankalemba kuti akometse nkhondo. Anakankha mabedi okwanira kuti adziwe momwe thupi la munthu limakhalira likaphwanyika. Bomba lililonse pamenepo linali nyumba zopsa kwinakwake, ndi anyamata asanu ndi awiri amene tsiku limenelo anapulumuka. Makaniko ankadziwa zimenezo pokwera makwerero, ndipo dzanja lake silinali lofanana masiku onse. A Kalekeni analemba zomwe zinalipo. Mzere wachinayi unathera pa chizindikiro chachisanu ndi chiwiri, kutsala malo a zitatu. Wina anati pamenepo pakuoneka pamtetete, aikepo dzina la gulu lawo. A Kalekeni anati ayi, a Norman nawo anati ayi, nkhani n'kutha.

Tsiku lotsegulira kunabwera anthu odzaza shedi. A Loyce anabwera ndi theka la tchalitchi, amayi atatchena ngati ku ukwati, ana akufunsa mafunso m'Chingelezi cha ku Glasgow chomwe agogo awo sachimva. A Norman analankhula mwachidule, kutchula amuna khumi ndi awiri ndi ntchito ya aliyense. Pomaliza anati zizindikiro zonse n'za dzanja la a Nedson Kalekeni, wolemba zikwangwani wa ku Limbe, ndipo iwo eni anangogwira makwerero. Amayi a ku tchalitchi anaimba nthungululu. Madala a ku Springburn anadzidzimuka kaye, kenaka anawomba m'manja.

Wina anayandikitsira mayi Maureen mpando, koma iwo anakana. Anaima pansi pa windo n'kuwerenga mabomba ndi ndodo, kuyambira loyamba mpaka lomaliza.

"Anali makaniko wabwino," anatero. "Koma kujambula ankalephera, eti?"

"Ankalephera, mayi."

"Ndipo inu mwalephera ndendende ngati iwo. Zikomo."

Anthu atayamba kuchepa, kunabwera bambo wina wa jekete lachikopa amene anachoka ku England m'mawa womwewo. Anati kwawo ali ndi gulu lomwe likumanga ndege ina ya nkhondo yomweyo, ya sikwadironi ina, ndipo pamutu pake panali chithunzi ndi mabomba oposa makumi asanu. Anali atatsala pang'ono kuitanitsa masitika. Anafunsa ngati a Kalekeni angapite kukaona.

A Kalekeni anayang'ana kwa a Loyce. A Loyce anati, "Mukundiyang'ana ine? Sitima ilipo, pitani."

"Ndibwera," anatero a Kalekeni kwa mlendoyo. "Koma tumizani kaye zithunzi zonse, ndi zoipa zomwe. Musawongole kanthu. Ndiyambe ndamudziwa munthu amene anakwera makwererowo."